Mwana wa zaka 6 akamera mawere ndi wa kuchipatala, osati wa kwa anamkungwi

Amayi anzanga a ku Nsaru, Kabudula, Nambuma, Mpingu, Namitete ndi nonse amene mumawerenga tsamba lino, lero ndilankhula mosapsatira, ndipo ena mukhumudwa nane. Mtsikana wosakwana zaka 8 akayamba kumera mawere, kapena kutuluka tsitsi kukhwapa ndi kumalo obisika, kapena kuona magazi a kumwezi, sanakule ayi. Mnyamata wosakwana zaka 9 mawu akayamba kumveka ngati a bambo ake, ziwalo zobisika n'kukula, sanakhale mwamuna ayi. Ameneyo ndi mwana, ndipo thupi lake lili pa vuto limene madokotala amalidziwa, amatha kuliyeza, ndipo nthawi zambiri amatha kuliimitsa. Koma ife timalitsekera m'nyumba. Timaitana azakhali ndi agogo, timamumanga nsalu pachifuwa, n'kumuuza kuti asawuze munthu. Pamene tikunong'onezana choncho, mafupa a mwanayo akuthamanga, ndipo fupa likakhwima silibwerera m'mbuyo.

Ndifotokoze kaye za mafupawa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Mwana amatalika chifukwa kumapeto kwa mafupa ake aatali, a m'miyendo ndi m'manja, kuli kamzere kofewa, kangati kaja timakukuta kumapeto kwa fupa la nkhuku yaing'ono. Kamzere kameneka ndi kamene kamawonjezera fupa chaka ndi chaka. Kakauma n'kusanduka fupa lenileni, kutalika kwathera pomwepo, ngakhale mwana azidya mazira, nyama ndi mkaka tsiku ndi tsiku. Chimene chimakaumitsa ndi mahomoni a kutha msinkhu, makamaka otchedwa estrogen, amene amapezeka mwa atsikana ndi anyamata omwe. Mahomoniwa amagwira ntchito ziwiri motsatana. Poyamba amamukoka mwana kuti atalike mwamsanga, kenako amatseka kamzere kaja. Inu olima chimanga mukuzidziwa izi kuposa ine. Chimanga chikamasula ngayaye sichitalikanso. Ndiye chikamasula chili m'chiuno, palibe mlimi amene amaomba m'manja kuti chakula msanga.

N'chifukwa chake kuchipatala timati mwana ali ndi misinkhu iwiri. Pali zaka zimene mumawerenga kuyambira tsiku lobadwa, ndiye pali zaka za mafupa. Kuti adziwe zaka za mafupa, dokotala amajambula X-ray ya dzanja lamanzere pamodzi ndi mfundo yake, n'kufananiza ndi zithunzi za m'buku la akatswiri awiri a ku America, Greulich ndi Pyle, limene linatuluka koyamba mu 1950 ndipo likugwirabe ntchito mpaka lero. Misinkhu iwiriyi ikasiyana ndi miyezi ingapo kapena chaka chimodzi, si nkhani. Koma mafupa akatsogola ndi zaka 2 kapena kuposa, pamafunika kufufuza chifukwa chake. Mtsikana amakhala atatsala pang'ono kusiya kutalika mafupa ake akafika zaka pafupifupi 15, mnyamata pafupifupi 17. Tsono ganizirani mtsikana wa zaka 6 amene X-ray ikusonyeza mafupa a zaka 10. Zaka 4 zimene akanatalikira pang'onopang'ono zamuthawa kale.

Apa ndi pamene ambiri timapusitsidwa. Mwana wotereyu amayamba ndi kuposa anzake onse. Ku Sitandade 1 amaima kumbuyo kwa mzere, yunifomu ya chaka chatha yamuchepera, anthu pachitsime akuti "mayi, mukumudyetsa chiyani mwanayu?" Ndipo ndikumvetsa chifukwa chimene timanyadira. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi muno ndi opinimbira. Tinazolowera kuopa mwana wamfupi, ndiye wamtali timangomuona ngati dalitso. Koma chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Mwana wa zaka za pakati pa 4 ndi kutha msinkhu amatalika masentimita 5 kapena 6 pa chaka. Akamapitirira pamenepa kwambiri, n'kumaonetsanso zizindikiro ndatchula zija, si chakudya chimenecho. Anzake akadzayamba kutalika ali ndi zaka 12 kapena 13, iye adzakhala atatha kale, ndipo amene anali wamtali kalasi yonse angathe kudzakhala wamfupi pa onse.

Tsopano ndibwere pa zimene timanena kumudzi.

Ena amati mwana akagwa m'dothi ndi namwali basi, zaka zilibe ntchito, apite akalangizidwe. Anamkungwi ndimawalemekeza, ambiri a ife anatilanga ndi iwo. Koma mwambo unapangidwira mtsikana amene thupi ndi nzeru zakulira limodzi. Mwana wa zaka 7 amene akusewerabe masanje, amene usiku amaopa kutuluka yekha panja, mukamulangiza za chiyani? Mahomoni akulitsa mawere, sanakulitse maganizo. Mukangomutcha namwali, mudzi wonse umamva, ndipo amene amamva msanga ndi amuna oipa mtima. Mwana wotereyu angathe kutenga mimba. Si nthano. Ku Peru, mu May 1939, kamtsikana kotchedwa Lina Medina kanabereka mwana kudzera pa opareshoni kali ndi zaka 5 ndi miyezi 7, chifukwa kanatha msinkhu kali kakang'ono kwambiri ndipo wina anakachita zachipongwe. Nkhaniyi inalembedwa m'mabuku a zachipatala. Kuno kwathu lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatiwira, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Lamulo silinanene kuti kupatula amene wamera mawere. Atsibweni, inu eni mbumba, nkhani iyi ndi yanunso. Mphwanu akaona msambo ali ndi zaka 7, ndalama imene mukanagulira nkhuku ya anamkungwi mupereke ya kabaza.

Ena amati mwanayo wayamba amuna, n'chifukwa chake mawere atuluka. Limeneli ndi bodza loipa kwambiri, ndipo ana akwapulidwa nalo popanda mlandu. Mawere samera chifukwa chogwidwa kapena chifukwa cha khalidwe. Amamera chifukwa cha mahomoni ochokera m'kati mwa thupi. Ngati mwana wamng'ono akutuluka magazi kumalo obisika koma mawere palibe, apo ndiye thamangani tsiku lomwelo, chifukwa mwina wavulazidwa, mwina pali kachinthu kamene kanalowa, mwina ndi matenda. Mufunseni modekha, osati ndi chikwapu m'manja. Ndipo mnyamata amene akukodza magazi sakukula ayi, nthawi zambiri ameneyo ndi likodzo, ndipo mankhwala ake alipo.

Ena amati walodzedwa, kapena ndi zakumtundu kwa bambo ake. N'zoona kuti m'mabanja ena atsikana amatha msinkhu mofulumirako, ali ndi zaka 8 kapena 9, ndipo nthawi zambiri zimenezo si matenda. Ana onenepa kwambiri nawonso amafulumira. Koma mwana wa zaka 4, 5 kapena 6, musamutchinge ndi mawu akuti n'zakumtundu. Ndipo miyezi imene mukutha mukuyenda kwa asing'anga, mwana akutemedwa mphini pachifuwa, ndi miyezi yomweyo imene kamzere kaja kakuuma.

Nanga chimayambitsa n'chiyani? Njira zazikulu zilipo ziwiri. Yoyamba, ubongo umadzutsa kutha msinkhu nthawi isanakwane. Mwa atsikana ambiri, pafupifupi 9 mwa 10 alionse, madokotala akafufuza sapeza chotupa kapena chilichonse choopsa, ndi ubongo chabe umene wafulumira. Koma mwa anyamata nkhani ndi ina. Mnyamata akatha msinkhu msanga, mpata woti m'mutu muli chotupa kapena vuto lina ndi waukulu, ndiye sitizengereza naye. Ana amene anadwalapo matenda oumitsa khosi, amene ali ndi madzi m'mutu, kapena anavulalapo kwambiri m'mutu, nawonso amatha kukumana ndi vutoli. Mwana akamadandaula mutu m'mawa n'kumasanza, akamaona movutikira, akamakomoka, kapena akamaseka mwadzidzidzi popanda choseketsa iye osatha kudziletsa, musati ziwanda. Zimenezi ndi zizindikiro zimene dokotala ayenera kumva msanga.

Njira yachiwiri, ubongo uli phee koma mahomoni akuchokera kwina, monga ku chotupa cha m'thumba la mazira, kapena ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso totchedwa adrenal. Pali matenda obadwa nawo otchedwa CAH, amene tiziwalo timeneti timalephera kupanga homoni yofunika ya cortisol, m'malo mwake timatulutsa mahomoni achimuna ochuluka. Kamnyamata ka zaka 3 kapena 4 kamatuluka tsitsi kumalo obisika, ziphuphu kumaso, fungo la thukuta la munthu wamkulu, chiwalo n'kukula koma machende, pepani potchula, akadali aang'ono. Abambo ena amaseka n'kumati "mwamuna weniweni ameneyu." Abambo, mafupa a mwana wanuyo akhoza kukhala atatsogola ndi zaka zingapo. Matendawa mwana amatengera kwa makolo onse awiri, ndiye musaloze chala mayi. Ndipo pa mimba iliyonse ya banja lotere pamakhala mpata umodzi mwa 4 woti mwana abadwa nawo, choncho kuyezetsa mmodzi kumapulumutsa ang'ono ake.

Tifike pa mankhwala, pamene pali mantha ambiri.

Ngati vuto likuchokera ku ubongo, pali jakisoni amene amaimitsa kutha msinkhu kwa kanthawi. Mayina ake odziwika ndi leuprorelin ndi triptorelin. Amabayidwa kamodzi pa masabata 4 kapena kamodzi pa miyezi 3, ndipo madokotala akhala akugwiritsa ntchito mankhwala a mtundu umenewu pa ana kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Kagwiridwe kake n'kotere. Ubongo umatumiza uthenga modukizadukiza ku kachiwalo kakang'ono kotchedwa pituitary, ndipo ndi kudukiza kumeneku kumene kamakamva. Jakisoni amapereka uthenga womwewo mosalekeza, usana ndi usiku, mpaka kachiwaloko kamasiya kulabadira, ngati mmene munthu wokhala pafupi ndi chigayo amasiyira kumva phokoso lake. Mahomoni amatsika, mawere amasiya kukula, msambo umaima, ndipo mafupa amachepetsa liwiro kuti zaka zobadwira ziwapeze. Mwana akafika msinkhu woyenera, nthawi zambiri cha m'ma 11, jakisoni amasiyidwa ndipo thupi limapitiriza pamene linalekera.

Ndikudziwa kale zimene zilembedwe m'munsimu: "Akufuna kutseketsa ana athu, ameneyo ndi jakisoni wolera." Ayi. Si Depo, ndipo satseka chiberekero. Atsikana amene analandira mankhwalawa amayambanso kusamba pakatha chaka chimodzi kapena chimodzi ndi theka atasiya, ndipo amene anatsatiridwa mpaka kukula anabereka ana ngati anzawo. Zovuta zake zilipo, sindibisa. Pobayapo pamawawa ndipo nthawi zina pamatupa, mwana angamve mutu kapena kutentha m'thupi, ndipo pambuyo pa jakisoni woyamba mtsikana angaone timagazi pang'ono kwa masiku ochepa. Zimenezi dokotala amakuuzirani zisanachitike. Ndipo pomwepa ndichenjeze: musatenge mwana kukamubayitsa Depo mwamseri kuti msambo uime anthu asadziwe. Magazi angaime, koma mafupa amapitirirabe kukhwima, ndipo chimene chayambitsa vutolo simunachidziwe.

Ngati ndi CAH, mankhwala ake ndi ena, mapiritsi a hydrocortisone amene amabwezeretsa homoni yosowayo. Thupi likaipeza, limasiya kutulutsa mahomoni achimuna ochuluka aja, ndipo mafupa amadekha. Amenewa ndi a tsiku ndi tsiku, sasiyidwa chifukwa mwana akuoneka bwino, ndipo mwana akadwala malungo, kutsegula m'mimba kapena kusanza, mlingo umayenera kuwonjezeredwa monga dokotala akuuzirani. Kusiya mwadzidzidzi kungathe kupha. Nenani paliponse pamene mwapita naye kuti mwanayu amamwa hydrocortisone.

Ena mwa inu, makamaka opemphera, munena kuti tikulimbana ndi chilengedwe cha Mulungu. Mwana akadwala shuga timamubaya insulin, yomwenso ndi homoni, ndipo palibe amene amati tachimwa. Chilengedwe chake ndi choti mtsikana ayambe kutha msinkhu pakati pa zaka 8 ndi 13, mnyamata pakati pa 9 ndi 14. Mankhwalawa sakumusandutsa munthu wina, akungomubwezera ubwana wake.

Ena munena kuti kufupika si matenda, agogo athu anali aafupi ndipo anabereka ana 10. Apa ndikuvomerezani. Kufupika si manyazi, ndipo si mwana aliyense wofulumira amene amafunika jakisoni. Kamtsikana kosakwana zaka 2 kamene timawere tangotupa pang'ono, popanda tsitsi ndiponso popanda kutalika modabwitsa, nthawi zambiri timabwerera tokha, dokotala amangokaonerera. Timawere ta khanda longobadwa kumene timatupa chifukwa cha mahomoni a mayi, ndipo musamatifinye, mumangoyambitsa mafinya. Mtsikana amene wayamba ali ndi zaka 7 ndi theka ndipo zikuyenda pang'onopang'ono angathe kungoyezedwa miyezi ingapo iliyonse osapatsidwa kanthu. Koma amene angasiyanitse izi ndi munthu amene wayeza mwanayo n'kuona X-ray, osati ine pa foni, osati azakhali, osati wogulitsa mankhwala pamsika wa Nsaru. Ndipo nkhani si kutalika kokha. Ndi kudziwa ngati m'mutu muli chotupa, ngati tiziwalo ta pa impso tikugwira ntchito, komanso kuti mwana wa Sitandade 2 asamavutike ndi nyanda kusukulu anzake akumuseka mpaka kusiya sukulu.

Chomwe chimandipweteka ndi nthawi. Pa nkhani ya kutalika, jakisoniyu amathandiza kwambiri mtsikana akayamba asanakwane zaka 6. Pakati pa 6 ndi 8 phindu limachepa, ndipo kupitirira apo amawonjezera pang'ono kwambiri kapena ayi. Mtsikana akangoyamba kusamba, kawirikawiri amakhala atatsala ndi masentimita 5 mpaka 7 okha. Ndiye mukamati tidikire tikolole, tidikire tigulitse fodya, tidikire bambo ake abwere ku Joni, dziwani chimene mukugulitsa. M'mera mpoyamba.

Anzanga ovala zoyera, inunso ndikunena nanu. Mayi akalimba mtima n'kubwera ndi mwana wa zaka 6 womera mawere, musamubweze ndi panado n'kumuuza kuti ndi kukula kumeneko. Musaitanirane kudzaonera mwana ngati chodabwitsa. Muyezeni kutalika, lembani m'buku lake, funsani kuti zinayamba liti, ndipo mulembereni kalata yopita patsogolo. Ana athu timawayeza mokhulupirika kusikelo mpaka zaka 5, kenako palibe amene amawaikanso pa muyezo, chonsecho vutoli limatulukira kwambiri pa zaka zomwezo. Alangizi a zaumoyo amene mumayenda m'midzi ndi aphunzitsi a makalasi oyambirira, maso anu ndi amene amaona ana amenewa tsiku ndi tsiku.

Ndinenenso zoona za ndalama. Jakisoni ndatchulayu ndi wodula, sasungidwa pa chipatala chaching'ono, ndipo amene amalamula kuti mwana ayambe ndi dokotala wa ana pa chipatala chachikulu. Banja lolima mtedza ndi soya ku Kabudula silingakwanitse palokha kugula miyezi 3 iliyonse kwa zaka zingapo. Apa ndi pamene a Unduna wa Zaumoyo ndi aphungu athu ayenera kumva mawu athu, kuti mwana wa kumudzi asafupikitsidwe ndi umphawi pamene wa ku Area 10 akuthandizidwa. Koma adzamva bwanji ngati anawo tikuwabisa? Matenda amene sanalembedwe m'kaundula wa chipatala, boma silingawagulire mankhwala. Ndipo kudula kwa jakisoni kusakhale chifukwa chokhalira pakhomo, poti mwina mwana wanu akufunika mapiritsi chabe, mwina opareshoni, mwina kungoonedwa basi.

Ndiye mukaona zizindikiro izi, chitani chonchi.

1. Lembani mwezi umene munaona chizindikiro choyamba, ndi chimene chinayamba: mawere, tsitsi, fungo kapena magazi.

2. Muimikeni mwana pakhoma wopanda nsapato, lembani mzere ndi deti. Bwerezani pakatha miyezi 3.

3. Tengani buku lake la kuchipatala, la kusikelo lomwe lija, chifukwa limasonyeza mmene ankakulira. Ngati pali mafuta, mapiritsi kapena zitsamba zimene wakhala akugwiritsa ntchito, kapena ngati anapezapo mapiritsi olera a mayi n'kumwa, nenani.

4. Yambani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ku Nsaru, ku Nambuma, ku Kabudula kapena ku St Gabriel ku Namitete. Nenani momveka kuti mwana akutha msinkhu nthawi isanakwane, ndipo pemphani kalata yopita kwa dokotala wa ana ku Kamuzu Central. Funsani za X-ray ya dzanja yoona zaka za mafupa.

5. Musagule mankhwala a mahomoni, okulitsa thupi kapena onenepetsa kwa munthu aliyense, ngakhale atakuonetsani zithunzi pa WhatsApp.

6. Muuzeni mwanayo m'mawu osavuta kuti sanalakwe, thupi lake langofulumira ndipo adokotala amuthandiza. Muphunzitseni kuti palibe wololedwa kumugwira, ndipo musamusiye yekha ndi amuna, ngakhale achibale.

Ngati mukukayika, imbani Chipatala cha pa Foni. Ngati mwana wachitidwa nkhanza kapena wina akukamba zomukwatitsa, imbani 116 kapena pitani kupolisi.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna, amayi. Manyazi a tsiku limodzi pamaso pa dokotala ndi ochepa poyerekeza ndi zimene mwanayo adzasenza moyo wake wonse. Tumizani uthengawu ku magulu anu a banki m'khonde, a kumpingo ndi a makolo kusukulu, ndipo amene alibe foni muwawerengere. Mafunso lembani m'munsimu, koma musaike chithunzi kapena dzina la mwana.